Woimba Atachoka: Mbiri ya Gulu la WITCH

Anthu a kwa Kasisi, ndi a midzi yonse ya m'chigwa cha Shire, amadziwa bwino za pabwalo la gule. Ng'oma zimalira, ulimba umalira, anthu ambiri amaomba m'manja ndi kuvomera, koma pamakhala munthu mmodzi amene amayambitsa nyimbo. Munthu ameneyo akasamuka, kapena akamwalira, gule satha ayi. Wina amalowa m'malo mwake. Koma akuluakulu amene anamva woyamba uja amapukusa mitu, nanena kuti nyimbo si ija. Ana amene sanamumve amadabwa, pakuti kwa iwo nyimboyo ikukoma ndithu.

Nkhani ya m'kabuku kano ndi ya mtundu womwewo, koma inachitika ku Zambia, ndipo zoimbira zake zinali magitala a magetsi. Ndi mbiri ya gulu la anyamata lotchedwa WITCH, limene linataya woimba wake litafika pachimake, ndi zimene zinaligwera pambuyo pake.

Anyamata a ku Migodi

Dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, ndipo mtsogoleri wake anali Kenneth Kaunda. Masiku amenewo chuma cha dzikolo chinali mkuwa. Mkuwa unali kugulidwa pa mtengo wabwino kunja, kotero m'mizinda ya migodi, monga Kitwe ndi Chingola, munali ndalama. Kumeneko kunasonkhana anthu a mitundu yambiri: Abemba, Alozi, Ansenga, Angoni, Achewa, ndiponso amuna ochokera ku Malawi amene anapita kukafuna ntchito. Ana a anthu amenewa sanakulire kumudzi. Anakulira m'makomboni, ndipo makutu awo anazolowera nyimbo za pa wailesi ndi za m'zimbale zochokera ku England ndi ku America.

Mwa nyimbo zimenezo munali mtundu wina wotchedwa rock. Nyimbo za rock zimaimbidwa ndi anthu anayi kapena asanu. Wina amaomba ng'oma, ena amakhwatcha magitala olumikizidwa ku magetsi, ndipo mmodzi amaima patsogolo ndi kuimba. Pali rock yofatsa, palinso yaukali. Mu yaukaliyo magitala amalira mokweza ndi mosasa, monga mavu otsekeredwa mumphika, ndipo woimba amatulutsa mawu ndi mphamvu zake zonse. Anyamata a ku migodi anakonda yaukaliyo. Anamvetsera Jimi Hendrix, Deep Purple, Black Sabbath ndi The Rolling Stones, nayesa kuchita chimodzimodzi. Koma manja awo anali atazolowera kale ng'oma za kwawo, choncho chimene chinatuluka sichinali cha ku England kwenikweni. Anthu anachitcha Zamrock, ndiko kunena rock ya ku Zambia.

Magulu a Zamrock anali ambiri. Kunali Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, kunali Amanaz, kunalinso Ngozi Family la Paul Ngozi wa ku Lusaka, amene anaimba nyimbo zake zambiri m'Chinyanja. Koma lotchuka koposa onsewa linali WITCH.

Gululi linayamba ku Kitwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Chris Mbewe, John Muma ndi Gedeon Mulenga anali pa magitala, Boidi Sinkala pa ng'oma, ndipo Paul Mumba pa limba. Woimba anali Emmanuel Chanda, mnyamata amene anakulira m'komboni ya Chamboli mu mzinda womwewo. Dzina la gululi m'Chingerezi limatanthauza mfiti, dzina limene kholo lililonse silikanakondwera kumva kuti mwana wake ali m'menemo. Pambuyo pake zilembo zisanu za dzinalo zinapatsidwa tanthauzo lina, lakuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti "tatsimikiza mtima kuutsa chipwirikiti."

Jagari

Emmanuel Chanda sanali woimba woima malo amodzi. Anali kudumpha, kugwa pansi, kudzuka, kuthamangira pakati pa anthu, ndi kubwereranso osaphonya nyimbo. Gululi linali kuimba maola ambiri, kuyambira madzulo kufikira usiku waukulu, ndipo iye sanali kuoneka kutopa. Anthu poona izi anamuyerekeza ndi Mick Jagger, woimba wa The Rolling Stones, amenenso anali wosakhazikika chotero. Chanda sanafune kungokhala chithunzithunzi cha Mzungu uja, choncho analipinda dzinalo kuti likhale lake, natchedwa Jagari. Ndi dzina limenelo dziko lonse la Zambia linamudziwa.

Apa pali chinthu choyenera kuchimvetsa. Gitala ndi chida, ndipo wina akachisiya wina amachitola. Omvera ambiri sadziwa kuti dzanja lasintha. Koma mawu a munthu ndi a iye yekha. Ndiponso pamene gulu likuimba, maso a anthu sapita kwa woomba ng'oma amene wakhala kumbuyo, amapita kwa uja waima patsogolo. Chris Mbewe anali katswiri wa gitala, ndipo phokoso laukali la WITCH linali kutuluka m'zala zake. Komabe munthu wa ku Kitwe akamva dzina la gululi, nkhope imene inali kubwera m'maganizo mwake inali ya Jagari.

Chimbale chawo choyamba chinatchedwa Introduction. Popeza m'Zambia munalibe makina osindikizira zimbale panthawiyo, anatenga nyimbo zimene anajambula napita nazo ku Nairobi, m'dziko la Kenya, ndipo atabwera anali kugulitsa zimbalezo okha kwa anthu obwera kudzavina. Chachiwiri chinali In the Past. Chachitatu, Lazy Bones!!, chinatuluka mu 1975, ndipo chinajambulidwa ku Lusaka m'nyumba yojambulira nyimbo ya DB Studios. Ichi ndicho chimene ambiri amachiyesa chopambana pa zonse. Nyimbo zake n'zazifupi, zaukali, zoimbidwa m'Chingerezi chosavuta, ndipo zimanena za zinthu za m'komboni: ulesi, chikondi, umphawi, ndi ana amasiye.

Boma nalo linawathandiza, ngakhale silinali kuganiza za rock. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Kaunda analamula kuti pa nyimbo 10 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma, 9 kapena kuposa zikhale za anthu a m'Zambia. Iye anafuna kuti anthu ake anyadire zawo. Wailesi inasowa nyimbo zokwanira, ndipo anyamata a magitala anapeza khomo lotseguka. Mu 1976 WITCH inatulutsa Lukombo Vibes. Lukombo m'Chibemba ndi chikho chomwera. Pa chimbale chimenechi anayamba kutsamira kwambiri ku ng'oma za kwawo, atamva mmene linali kuimbira gulu la Osibisa, la anthu a ku Ghana ndi a ku West Indies okhala ku London. Chimbale chachisanu chinatuluka mu 1977, ndipo munali nyimbo yotchuka yakuti Janet.

Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Chimbale chachisanuchi ndicho chinali chomaliza cha Jagari ndi anzake aja.

Kuchoka kwa Jagari

Jagari anachoka chifukwa cha sukulu. Kutchuka kunalipo, koma ndalama za woimba n'za lero lokha, ndipo anthu a masiku amenewo sanali kuyesa kuimba ntchito yoti mwamuna angasunge nayo banja. Choncho iye analowa sukulu ku Lusaka kukaphunzira uphunzitsi. Sukulu imafuna munthu m'mawa, pamene gulu loimba limamufuna usiku ndiponso pa maulendo aatali. Ziwirizi sizinatheke kuyendera limodzi. Zaka za m'ma 1970 zisanathe, Jagari anali kunja kwa WITCH.

Otsalawo anali ndi njira zitatu. Akanatha kuthetsa gululo. Akanatha kufuna mnyamata wina wa mawu ofanana ndi a Jagari, namuphunzitsa kudumpha. Kapena akanatha kusunga dzina, nasintha nyimbo. Anasankha njira yachitatuyo.

M'gululi munalowa Patrick Mwondela, woimba limba la magetsi, ndipo pang'onopang'ono chida chakecho chinatenga malo amene kale anali a magitala. Kutsogolo kunaima oimba atsopano, Patrick Chisembele ndi mkazi, Christine Jackson. Mawu awo anali osalala ndi okoma, osati ofuula. Mu 1980 anatulutsa chimbale chotchedwa Movin' On, ndiko kunena "kupitirira ndi ulendo." Dzinalo linanena zoona. Munthu woika Lazy Bones!! pa galamafoni, kenaka n'kuika Movin' On, sangakhulupirire kuti ndi gulu limodzi. Mavu aja anali atatuluka mumphika. M'malo mwawo munali nyimbo za disco, zimene ng'oma yake imagunda mofanana kuyambira poyamba kufikira pomaliza, kuti ovina asasokonezeke phazi.

Ena amanena kuti kuchoka kwa Jagari ndiko kunapha rock ya WITCH. Mawu amenewa ali ndi choonadi, koma si chonse. Woimba amene gulu lili naye ndiye amaika malire a nyimbo zimene gululo lingathe kuimba. Mawu a Christine Jackson sakanakwera pamwamba pa phokoso la Lazy Bones!!, monganso mawu a Jagari sakanakhala bwino mu nyimbo zosalala za Movin' On. Pamenepo n'zoona kuti kusintha woimba kunasintha nyimbo. Koma funso lina n'lakuti, chifukwa chiyani sanafune woimba wa mtundu wa Jagari? Yankho lake lili kunja kwa gululi.

Dziko Linali Litasintha

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Ndalama za m'matumba a anthu a ku migodi zinachepa, ndipo munthu amene ufa ukumuvuta sagula chimbale. Nthawi yomweyo nkhondo ya ufulu inali kuyaka ku Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Zambia inasunga omenyera ufulu, ndipo mu 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa misasa yawo pafupi ndi Lusaka. Boma linaletsa anthu kuyenda usiku, nalamula kuti nyali zizizimitsidwa. Gulu limene chakudya chake chinali kuimba kuyambira madzulo kufikira usiku waukulu linasowa nthawi yogwirira ntchito.

Pamwamba pa izi panabwera disco kuchokera ku America. Mwini malo ovinira anaona kuti kulipira anyamata asanu ndi zida zawo n'kodula, pamene munthu mmodzi wokhala ndi zimbale ndi zokuzira mawu angathe kuvinitsa anthu usiku wonse. Achinyamata nawo anafuna zatsopanozo. Choncho a WITCH posankha oimba osalala mawu sanachite mwangozi. Anayang'ana kumene kunali kupita anthu, natsata komweko kuti adye. Mwina Jagari akanakhalapo akanakana, kapena akanasintha nawo limodzi. Chodziwika n'chakuti magulu ena a Zamrock, amene sanasinthe woimba, nawonso anafota m'zaka zomwezo.

N'kothandiza kuona mmene anachitira ena pa vuto lomweli. M'chaka chomwecho cha 1980, gulu la rock yaukali la ku Australia lotchedwa AC/DC linataya woimba wake Bon Scott, amene anamwalira mu February. Iwo anatenga Brian Johnson, munthu wa mawu osasa ndi ofuula ngati woyambayo, nasunga magitala monga analili, ndipo chimbale chawo chotsatira, Back in Black, chinagulidwa koposa zonse zimene anatulutsapo. Ku Malawi, Evison Matafale atamwalira mu 2001, abale ake a ku Chileka a gulu la Black Missionaries anapitiriza nyimbo za reggae zomwezo, napitirizanso kutcha zimbale zawo Kuimba, monga anayambira mwini wake. Magulu awiriwa anali ndi omvera amene anali kufunabe nyimbo zakalezo. A WITCH analibe mwayi umenewo.

Kuomboka

Chimbale chachiwiri cha oimba atsopano aja chinatuluka mu 1984, ndipo dzina lake linali Kuomboka. Dzina limeneli lili ndi chibale ndi kwa Kasisi, chinkana oimbawo sanali kuganiza za chigwa cha Shire. Kuomboka ndi mwambo wa Alozi a kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi. Madzi akasefukira m'chigwa chawo, mfumu yawo, Litunga, imakwera bwato lalikulu lotchedwa Nalikwanda, nichoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga, ng'oma zikulira. Mawuwo amatanthauza kutuluka m'madzi. Tsono kudera lomwelo n'kumene kunachokera Amakololo amene anatsagana ndi David Livingstone, natsala m'mbali mwa Shire m'zaka za m'ma 1860. Mmodzi wa iwo anali Ramakukan, ndiye Kasisi woyamba. Chilozi chimene chimalankhulidwa lero chinachokera ku chilankhulo cha Amakololo omwewo. Ndipo za kuthawa madzi kupita kumtunda, munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje safuna womufotokozera.

Koma WITCH sinatuluke m'madzi. Chuma cha dziko chinapitirira kulowa pansi. Makaseti anabwera, ndipo anthu osaona mtima anali kujambula nyimbo za eni ake ndi kugulitsa pamsika, oimba osalandirapo kanthu. Mitima ya anthu inatembenukira ku kalindula, nyimbo zochokera ku magule a kumudzi zoimbidwa m'zilankhulo za m'dzikomo. Kuomboka atatuluka sipanapite nthawi, gululo linabalalika. Patrick Mwondela anapita kukakhala ku England.

Kenaka inadza imfa. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 matenda a Edzi anasesa dziko la Zambia monga anachitira ku Malawi, ndipo oimba a Zamrock anatha ambiri. Mmodzimmodzi, anzake a Jagari a gulu loyamba lija anamwalira, kufikira anatsala iye yekha. Sukulu imene inamuchotsa m'gululi inamuchotsanso m'moyo wa usiku ndi wa m'misewu. Anaphunzitsa kwa zaka zambiri, natembenuka mtima kukhala Mkhristu wolimbikira. Ntchito ya uphunzitsi itatha, anapita kutchire kukakumba miyala ya mtengo wapatali ndi fosholo ndi piki. Amene anali kumuona m'dzenje, fumbi lili thupi lonse, ambiri sanadziwe kuti uyu ndi munthu amene kale anali kudzaza mabwalo.

Zimbale Zakale Zipezeka

Chimbale sichifa msanga monga munthu. Zina za WITCH zinatsala m'masutikesi ndi m'masitolo a katundu wakale, ndipo zaka za m'ma 2000 zitayamba, anthu osonkhanitsa zimbale ku Ulaya ndi ku America anazipeza. Anadabwa kumva rock yotere yochokera pakati pa Africa. Eothen Alapatt, mwini kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, anafunafuna Jagari nampeza, ndipo mu 2012 kampaniyo inasindikizanso zimbale zisanu zoyamba zija pamodzi.

Apa m'pamene panaonekera chimene kusintha woimba kunachita pa mbiri ya gululi. Alendowo atanena WITCH, anali kunena zimbale zisanu za Jagari. Magitala aukali aja ndi mawu ake ndizo zinawakopa. Movin' On ndi Kuomboka zinaikidwa padera, ngati za gulu lina lobwereka dzina. Pambuyo pake nazonso zinasindikizidwanso, ndipo okonda nyimbo zovina anazilandira bwino, pakuti kunena zoona n'zoimbidwa mwaluso. Komabe omvera ake anali ena. Dzina limodzi linakhala ndi mbiri ziwiri, ndipo yoyambayo inaphimba yachiwiri.

M'zimenezi muli kusalungama pang'ono. Amene anasenza gululi m'zaka zovuta, za mabomba ndi za umphawi, anali aja anatsala ndi aja analowa. Jagari zaka zimenezo anali m'kalasi. Ndiponso phokoso limene alendo analikonda linali la magitala a Chris Mbewe ndi John Muma, amene sanakhale ndi moyo kuti amve kuyamikidwako. Koma akufa safotokoza mbiri yawo. Atolankhani atafika ku Lusaka anapeza munthu mmodzi wa gulu loyamba, ndipo zambiri zimene dziko likudziwa za masiku aja zinatuluka pakamwa pa iyeyo. Tiyenera kumuyamika pa chimodzi, kuti pofotokoza sanali kuiwala kutchula maina a anzake.

Mnyamata wina wa ku Italy, Gio Arlotta, anafika ku Zambia najambula kanema wa moyo wa Jagari, amene anaonetsedwa mu 2019. Iyeyu anabweretsa oimba achinyamata a ku Netherlands, Jacco Gardner ndi Nic Mauskovic, amene anaphunzira nyimbo zakalezo pomvetsera zimbale. Pamene anafuna kuutsanso gululi, anaitana Patrick Mwondela. Motero munthu amene anachoka ndi munthu amene analowa iye atachoka anaima pabwalo limodzi, ndipo mu 2017 anayenda ulendo woimba m'maiko a ku Ulaya.

Mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango, patapita zaka 39 chitulukire Kuomboka. Anachijambula ku DB Studios ku Lusaka, m'nyumba yomwe ija munajambulidwa Lazy Bones!! Womvetsera amapezamo magitala osasa a masiku a Jagari pamodzi ndi limba la masiku a Mwondela. Kutsogolo sikunaime munthu mmodzi ayi. Jagari, atakalamba tsopano, anagawana nyimbo ndi akazi a ku Zambia, Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, ndiponso Sampa the Great, amene anabadwa gulu loyamba litatha kale. Chingerezi chinachepa, ndipo Chibemba ndi Chinyanja zinamveka kwambiri koposa kale.

Mu 2025 anatulutsanso china, nachitcha Sogolo. Ndi mawu aja akuti tsogolo, monga amawatchulira anthu a ku Lusaka.